Naye Mneneri Eliya Adatopapo ndi Moyo

Pali matenda ena omwe saoneka poyeza magazi. Munthu atha kumamwa ma ARV mwandondomeko, thupi nkubwerera, zotsatira za kuchipatala nkumatuluka bwino, koma mumtima mwake muli mdima wokhawokha. Ife alangizi a zaumoyo omwe timayenda khomo ndi khomo timakumana nawo anthu otere. Timafika dzuwa lili pamutu koma chitseko chikadali chotseka. Kumunda adaleka kupita, kukwaya adasiya, kugulu la anzawo saonekanso. Tikafunsa chomwe chikuwawa amati palibe, angotopa basi.

Ambiri mwa iwo ndi akhristu, ndipo pamwamba pa kutopako amasenzanso katundu wina. Amadzifunsa kuti ngati alidi ndi chikhulupiriro, nanga chimwemwe chidapita kuti? Ena adachita kuuzidwa kuti mkhristu weniweni sakhumudwa, ndipo kuti wokhumudwa ndiye kuti akubisa tchimo. Mawu amenewa apangitsa anthu ambiri kutseka Baibulo panthawi yomwe akadapezamo mpumulo. Koma tikaliwerenga bwino, Baibulo silinena choncho.

Kodi matendawa ndi otani?

Aliyense amakhumudwa. Maliro akagwa timalira, mbewu zikapserera kumunda timadandaula, koma pakapita masiku mtima umayamba kutsika. Matenda okhumudwa, omwe pa Chingerezi amati depression, ndi osiyana ndi zimenezi. Achipatala amawaganizira ngati kwa masabata awiri kapena kuposerapo munthu akukhala wachisoni pafupifupi tsiku lonse, kapena zomwe kale ankazikonda zaleka kumusangalatsa. Tulo timasowa kapena timachuluka, chakudya sichikoma, thupi limafooka, mutu sugwira zinthu. Munthu amadziona wachabechabe, amadziimba mlandu pa chilichonse, ndipo ena amayamba kuganiza kuti bola kufa. Kwathu kuno ambiri sanena kuti akhumudwa. Amati mutu ukuwawa, mtima ukuthamanga, kapena akuganiza kwambiri.

M'chaka cha 2023 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidati anthu pafupifupi 280 miliyoni ali ndi matendawa. Amagwira olemera ndi osauka, opemphera ndi osapemphera. Pakati pa anthu omwe ali ndi kachirombo ka HIV amapezeka kwambiri kuposa pakati pa anthu ena, ndipo zifukwa zake tonse tikuzidziwa: kusalidwa, kutha kwa banja, imfa ya wokondedwa, kusowa chakudya, komanso kusunga chinsinsi wekhawekha kwa zaka. Choopsa nchakuti munthu wokhumudwa amayamba kudumphitsa mankhwala ndi kujomba tsiku la kuchipatala, kachirombo nkupeza mpata wochulukananso.

Munthu wa Mulungu pansi pa mtengo

Nkhani yomwe timakonda kuwerengera anzathu ovutika maganizo ili m'buku loyamba la Mafumu, mutu 19. Mutu wa m'mbuyo mwake ukusimba za kupambana kwa Eliya paphiri la Karimeli, pomwe adaima yekha pamaso pa aneneri a Baala 450, moto nkutsika kuchokera kumwamba. Munthu wa pemphero lamphamvu chotere tikadayembekezera kuti sangafooke. Koma mfumukazi Yezebeli itatumiza uthenga woti imupha, Eliya adathawa. Atafika ku Beereseba adasiyako mnyamata wake, nayenda yekha tsiku lathunthu kulowa m'chipululu. Kumeneko adakhala pansi pa mtengo, napempha Mulungu kuti angomutenga.

Taonani zizindikiro zija. Adadzipatula kwa yemwe ankamuthandiza. Adadziona wolephera. Adafuna kufa. Sitikunena kuti tamuyeza Eliya monga amachitira kuchipatala, koma aliyense yemwe adadwalapo matendawa akamva nkhaniyi amaizindikira.

Tsono chofunika kwambiri ndi chomwe Mulungu adachita. Sadamudzudzule. Sadamukumbutse za moto wa pa Karimeli kuti achite manyazi. Adamusiya agone, kenaka mngelo adamudzutsa nkumupatsa mkate ndi madzi. Eliya adadya nagonanso, ndipo mngelo adabweranso kachiwiri ndi chakudya chifukwa ulendo udali wautali. Mulungu adayamba wasamalira thupi asanalankhule ndi mtima.

Atayenda masiku 40 adafika kuphiri la Horebu nalowa m'phanga. Kumeneko Mulungu adamufunsa chomwe ankachita kumaloko, Eliya nakhuthula zonse zakukhosi. Kudaomba chimphepo, kudachita chivomezi, kudabuka moto, koma Mulungu adasankha kuyankhula naye mwakachetechete. Adamufunsanso funso lomwe lija, Eliya nabwereza madandaulo omwe aja, ndipo Mulungu adamumveranso osatopa naye. Pomaliza adamupatsa ntchito yoti akachite, adamusankhira Elisa kuti adzalowe m'malo mwake, ndipo adamuuza kuti mu Israele muli anthu 7,000 omwe sadagwadire Baala. Eliya ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti watsala yekha, koma sichidali choona. Umu ndi momwe matendawa amanamizira munthu. Amamuuza kuti palibe womufuna pomwe omufuna alipo.

Chakudya, tulo, womvetsera, ntchito yoti achite ndi mnzake woyenda naye: izi ndi zomwe Eliya adalandira, ndipo ndi zomwenso ife a zaumoyo timaphunzitsidwa kuti munthu wokhumudwa amazisowa.

M'Baibulo muli malo olirira

Eliya sali yekha. Hana, mayi ake a Samueli, ankalira mpaka kukana chakudya chifukwa cha kusabereka ndi chitonzo cha mkazi mnzake, ndipo wansembe Eli atamuona akupemphera adamuyesa woledzera. Yobu atataya ana, chuma ndi thanzi adatemberera tsiku lomwe adabadwa. Anzake atatu adachita bwino masiku 7 oyambirira pomwe adangokhala naye pansi osalankhula. Adalakwitsa atayamba kumuuza kuti mavuto ake abwera chifukwa cha machimo, ndipo kumapeto kwa bukulo Mulungu adakwiyira iwowo. Ophunzira a Yesu nawo ataona munthu wobadwa wosaona adafunsa kuti adachimwa ndani, iye kapena makolo ake, koma Yesu adakana zonse ziwiri. Nkhaniyi ili pa Yohane mutu 9, ndipo ndi yofunika kwa aliyense yemwe adauzidwapo kuti matenda ake ndi chilango.

Mwa Masalimo 150, ambiri ndi madandaulo. Salimo 42 ndi la munthu yemwe akulira usana ndi usiku, akukumbukira masiku omwe ankapita kunyumba ya Mulungu mokondwa pamodzi ndi anzake. Salimo 88 ndiye limayamba ndi kulira nkuthera mumdima, popanda mawu achimwemwe kumapeto. Komabe lidasungidwa m'buku la mapemphero a anthu a Mulungu. Izi zikutiphunzitsa kuti pemphero la munthu yemwe sakuona kuwala kulikonse ndi pemphero ndithu. Ngakhale Ambuye Yesu m'munda wa Getsemane adagwidwa ndi chisoni chachikulu, ndipo sadachibise. Adatenga Petro, Yakobo ndi Yohane nawapempha kuti akhale maso pamodzi naye.

Choncho chiyembekezo chomwe wokhumudwa amachipeza m'Malemba sichili pa lonjezo loti mawa adzuka atachira. Chili pa kudziwa kuti Mulungu sathawa munthu yemwe ali pansi, ndipo kuti anthu omwe Mulunguyo adawakonda adadutsamo m'njira yomweyi.

Pemphero ndi chipatala sizilimbana

Mfumu Hezekiya itadwala mpaka kutsala pang'ono kufa idapemphera ndi kulira, Mulungu nkuiwonjezera zaka 15. Koma pa 2 Mafumu mutu 20 pomwepo tikuwerenga kuti mneneri Yesaya adalamula kuti aike nkhuyu pachithupsa chake, ndipo idachira. Pemphero ndi mankhwala zidayendera limodzi. Naye Luka, yemwe adalemba umodzi wa mauthenga abwino, adali sing'anga.

Matenda okhumudwa ali ndi chithandizo. Choyamba ndi uphungu, komwe munthu amakhala pansi ndi wophunzitsidwa bwino nkumasanthula mavuto ake limodzi ndi limodzi. Ku Zimbabwe, komwe matendawa amawatchula kuti kufungisisa, kutanthauza kuganiza kwambiri, Dr Dixon Chibanda adayambitsa ntchito ya Friendship Bench mumzinda wa Harare m'chaka cha 2006. Agogo aakazi amaphunzitsidwa kumvetsera anthu atakhala pabenchi panja pa chipatala, ndipo kafukufuku yemwe adatuluka m'chaka cha 2016 adaonetsa kuti njirayi imathandizadi. Idayesedwaponso m'zipatala zina za ku Lilongwe.

Chachiwiri ndi mankhwala monga amitriptyline ndi fluoxetine, omwe amaperekedwa ndi dokotala matenda akakula. Mankhwalawa sagwira ntchito tsiku limodzi. Pamatenga masabata angapo kuti munthu ayambe kumva kusintha, ndipo sayenera kuwasiya yekha akangoona kuti wapezako bwino. Poyambira pake ndi pachipatala chomwe muli nacho pafupi, kapena komwe mumalandirira ma ARV. Akaona kuti nkofunika amakutumizani kuchipatala cha boma lanu. Zipatala zoona za matenda a maganizo ziliponso, monga cha Zomba Mental, ndi za St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, zomwe zimayendetsedwa ndi chipani cha abale a mpingo wa Katolika.

Ngati kusowa tulo kapena maloto oipa zidayamba mutangosintha mtundu wa ma ARV, kawauzeni adokotala. Musasiye kumwa panokha. Ndipo wina aliyense, kaya ali ndi udindo wotani mumpingo, akakuuzani kuti mutaye mankhwala posonyeza chikhulupiriro, kanani. Kusala kudya masiku ambiri nako sikoyenera munthu wofooka kale. Kumbukirani kuti Eliya mngelo adamubweretsera chakudya.

Kuwerenga mutu uli wolemera

Wokhumudwa amavutika kuwerenga. Maso amayenda pamizere koma palibe chotsalira m'mutu, ndipo ena amadziimbanso mlandu pa chimenechi. Malangizo athu ndi awa. Musadzikakamize kumaliza mutu wonse. Mavesi awiri kapena atatu patsiku ndi okwanira, ngakhale omwewo kuwabwereza sabata yonse. Ngati maso akukana, pemphani mwana kapena mnzanu akuwerengereni, kapena mverani pawailesi. Ngati Chichewa cha Buku Lopatulika, lomwe lidatuluka m'chaka cha 1922, chikukulemerani, yesani Buku Loyera la m'chaka cha 1998, lomwe mawu ake ali pafupi ndi momwe timayankhulira.

Pewani kungotsegula paliponse muli nokha usiku. Mtima wodwala umathamangira mavesi a chiweruzo nkuwatenga ngati akunena inu. Yambani ndi nkhani zomwe tatchulazi, ndipo vesi lina likakuopsani kakambiraneni ndi abusa, ansembe kapena mkulu wa mpingo yemwe mumamukhulupirira. Mawu opempherera akasowa, tsegulani Salimo ndi kulilola likupempherereni.

Kwa mipingo ndi osamalira odwala

Akuluakulu adati kali kokha nkanyama, ali awiri ndi anthu. Amayi a Mvano, a Chigwirizano, a Dorika, a m'miphakati ndi achinyamata a kwaya, mukaona mnzanu wasowa masabata angapo musafulumire kumulemba m'gulu la obwerera m'mbuyo. Pitani mukamuone. Tengani kaufa kapena kandiwo. Khalani pamkeka, mvetserani kwambiri, lankhulani pang'ono. Musamuuze kuti angolimba mtima kapena kuti ena ali pamavuto oposa ake. Akabwereza zomwe adanena dzulo, mvetseraninso. Mpempheni akuperekezeni kudimba kapena kumsika, ndipo tsiku la kuchipatala likafika mperekezeni. Zomwe wakuuzani zisakatulukire pa maumboni kapena pamjigo.

Munthu akanena kuti akufuna kudzipha, kapena akayamba kutsanzika ndi kugawa katundu wake, musatenge ngati nthabwala. Kumufunsa mosapsatira ngati akuganiza zodzipha sikumupatsa maganizowo, koma kumamutsegulira khomo loti ayankhule. Musamusiye yekha. Chotsani pafupi mankhwala ophera tizilombo a kumunda ndi a m'nkhokwe, zingwe ndi mapiritsi ambiri, ndipo pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Abambo tiwayang'anitsitse, chifukwa ambiri adakula akumva kuti mwamuna salira, ndipo chisoni chawo amachibisa m'mowa ndi m'ukali.

Kwa inu omwe mukuwerenga nkhaniyi mtima uli wolemera, dziwani kuti simudachimwe podwala, ndipo chikhulupiriro chanu sichidathe. Idyani kanthu lero ngakhale pang'ono. Imwani mankhwala anu panthawi yake. Sankhani munthu mmodzi, kaya mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, mtsogoleri wa gulu lanu kapena mbale wa kumpingo, ndipo mumuuze momwe mukumvera sabata ino isanathe. Tiyeni tonse tigwirane manja kuti pasapezeke wina pakati pathu wodwala matendawa payekha.