Kodi “kumva” mnzako kumachokera kuti?

Pa Chichewa timati “ndakumverani chisoni”, ngati kuti ululu wa mnzathu umalowera m’khutu. Ku Rumphi nakonso, mneni wa Chitumbuka “kupulika” amagwira pa mawu ndi pa ululu pomwe.

Mu 1992, gulu la Giacomo Rizzolatti ku Parma lidapeza maselo mu ubongo wa anyani omwe amagwira ntchito nyani akamatola chakudya, ngakhalenso akamangoona munthu akutola. Adawatcha mirror neurons, poti ali ngati kalilole. Ambiri adathamangira kunena kuti kutsanzira, chifundo ndi kumvetsa chiyankhulo zimayambira pamenepa.

Komatu tisapupulume. Gregory Hickok adatsutsa zimenezi mu 2014: anthu ovulala mbali ya ubongo yothandiza kuyankhula amavutika kutulutsa mawu, koma zonena za anzawo amazimvabe.