Mpando wa Achinyamata pa Ndalama za CDF

M'chaka cha 2022 boma linakweza ndalama za CDF kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni m'dera la phungu aliyense, ndipo gawo lina linapatulidwira achinyamata ndi amayi. Komabe mnyamata wa ku Nabvutika woweta nkhuku kuseri kwa nyumba sangazione ndalamazi akangokhala pakhomo. Zopempha zimayambira ku komiti ya chitukuko ya wadi, momwe muli mpando wa woimira achinyamata. Kumeneko n'komwe amakambirana ngati wadi iyambe ndi chitsime, msika kapena msewu. Tikukupemphani ophunzira athu, akale ndi atsopano: lembetsani kalabu kapena kopaletivu yanu, werengerani mtengo wa anapiye ndi chakudya chawo, ndipo mukalankhule pamsonkhano. Mukapanda kufikako, ena adzasankha m'malo mwanu.