Kamzere kamene kamaulula ngati wodwala akupuma

Mwana akalowetsedwa ku thiyeta kuti akamuchite opaleshoni, makolo amatsala pa benchi panja mtima uli m'mwamba. Ambiri amaopa mpeni ndi kutaya magazi. Koma kwa ogwira ntchito yogonetsa odwala, nthawi yoopsa kwambiri ndi mphindi zoyambirira, dokotala wa opaleshoniyo asanagwire n'komwe mpeni. Pa maopaleshoni ambiri akuluakulu, mankhwala ogonetsa amachititsa kuti wodwala asiye kupuma yekha, choncho amamulowetsa kapaipi pakhosi kuti mpweya uzifika m'mapapo.

Pakhosi pa munthu pali njira ziwiri zogundizana. Ya mpweya ili kutsogolo, ya chakudya ili kumbuyo kwake. Kapaipi kakasochera n'kulowa m'njira ya chakudya, mpweya wonse umene akupopera wodwalayo umathera m'mimba. Chifuwa chikhoza kumaoneka ngati chikukwera ndi kutsika, koma m'mapapo simukulowa kanthu. Ubongo ukakhala wopanda okosijeni kwa mphindi 4 mpaka 6 umayamba kuonongeka, ndipo ukaonongeka sukonzekanso.

Pali makina aang'ono otchedwa capnograph amene amaulula vutoli m'masekondi ochepa. Ntchito yake ndi kuyeza mpweya wa carbon dioxide, umene kusukulu tinkauti mpweya woipa, nthawi iliyonse imene wodwala watulutsa mpweya.

Utsi wa m'thupi

Thupi limagwira ntchito ngati moto wa pamafuwa. Nsima imene tadya ndiyo nkhuni, okosijeni ndiye amakoleza, ndipo mphamvu zikatuluka pamatsala utsi. Utsi umenewo ndi carbon dioxide. Ngakhale dzina lakuti capnograph linachokera ku mawu a Chigiriki akuti kapnos, amene amatanthauza utsi. Katswiri wa sayansi wa ku Scotland, Joseph Black, ndiye anasonyeza m'zaka za m'ma 1750 kuti mpweyawu umapezeka m'mpweya umene munthu amatulutsa.

Mpweya umene timakoka uli ndi carbon dioxide wochepa kwambiri, pafupifupi 0.04 peresenti. Umene timatulutsa umakhala ndi 4 mpaka 5 peresenti, kutanthauza kuti wachuluka pafupifupi ka 100. M'mimba simupangidwa mpweya wotere mosalekeza. N'chifukwa chake makinawa amatha kusiyanitsa kapaipi kamene kali m'njira ya mpweya ndi kamene kasochera.

Kuti carbon dioxide afike pamakina, zinthu zitatu ziyenera kuyenda bwino. Choyamba, thupi limupange. Chachiwiri, mtima upope magazi omunyamula kupita naye m'mapapo. Chachitatu, mapapo amutulutse kudzera m'njira yotseguka. Nambala ikasintha, wachipatala amadzifunsa kuti mwa zitatuzi chavuta n'chiti. Luso lonse lowerenga makinawa lagona pamenepa.

Tisanamizidwe ndi dzina lakuti mpweya woipa. Thupi limafuna mlingo woyenera wa mpweyawu m'magazi, ndipo ubongo umadalira mlingo umenewu podziwa nthawi yoti tipume. Yesani kugwira mpweya kwa kanthawi. Chimene chimakukakamizani kupumanso ndi carbon dioxide amene wachuluka m'magazi, okosijeni asanachepe n'komwe.

Nambala ndi kamzere

Makinawa amadutsitsa kuwala kosaoneka ndi maso kotchedwa infrared mu mpweya umene wodwala watulutsa. Carbon dioxide amamwa kuwala kumeneku, choncho kuwala kukachepa makina amadziwa kuti mpweyawo wachuluka. Kachipangizo koyezera amakalumikiza ku kapaipi ka pakhosi. Kwa wodwala amene akupuma yekha, amamuika timachubu tapadera m'mphuno.

Pagalasi la makina pamaoneka zinthu zitatu. Pali nambala ya carbon dioxide kumapeto kwa mpweya wotuluka, imene kwa munthu wabwinobwino imakhala pakati pa 35 ndi 45 pa muyezo wa mmHg. Pali nambala ya maulendo amene munthu akupuma pa mphindi imodzi. Ndiyeno pali kamzere koyenda.

Munthu akamapuma bwino, kamzereka kamajambula zinthu zonga njerwa zondandalikidwa motalikirana pang'ono. Akayamba kutulutsa mpweya kamakwera molunjika, kenaka kamayenda chafulati pamwamba, ndipo akakoka mpweya kamatsika mpaka pa ziro. Njerwa iliyonse ndi kupuma kumodzi. Wachipatala wozolowera amayamba wayang'ana maonekedwe a njerwazi asanakhulupirire nambala.

Kamzere kakasintha

Kamzere kakagona pansi osadzukanso, imeneyo ndi ngozi. Mwina kapaipi kali m'njira ya chakudya, mwina katuluka, katsekeka ndi makhololo kapena kalekana ndi makina opumira, mwinanso wodwala wasiya kupuma. Lamulo limene ogonetsa odwala amaphunzitsidwa ndi lakuti ngati kamzere palibe, aganize kuti kapaipi kali malo olakwika mpaka atatsimikiza. Njerwa imodzi kapena ziwiri sizokwanira, chifukwa munthu amene wangomwa chakumwa cha gasi akhoza kukhala ndi carbon dioxide pang'ono m'mimba. Wotereyu amatha msanga ndipo njerwa zimanka zichepa. Kapaipi kakakhala m'malo mwake, njerwa zimabwerabe motsatizana.

Nambala ikamakwera pang'onopang'ono kupitirira 45, nthawi zambiri ndiye kuti wodwala sakupuma mokwanira, utsi ukuunjikana m'thupi. Izi zimachitika ndi mankhwala amphamvu opha ululu monga morphine ndi pethidine, kapena diazepam amene amaperekedwa kwa mwana amene akukomoka. Mankhwalawa ndi othandiza, koma amatha kufooketsa mbali ya ubongo yoyendetsa kupuma. Kutentha thupi kwambiri nakonso kumakweza nambalayi chifukwa moto wa m'thupi ukuyaka kwambiri.

Nambala ikatsika kufika pansi pa 35, pali zifukwa ziwiri zosiyana kwambiri. Choyamba n'chakuti munthu akupuma mofulumira kapena mozama, mwina chifukwa cha ululu kapena mantha, mwinanso chifukwa magazi ake achuluka asidi. Mwana wodwala malungo aakulu, wotsegula m'mimba mpaka kutha madzi m'thupi, kapena munthu amene shuga wake wakwera kwambiri, amapuma mozama chonchi pofuna kuchepetsa asidiyo potulutsa carbon dioxide. Chachiwiri n'chakuti magazi sakufika mokwanira m'mapapo. Mayi amene akutaya magazi ambiri pobereka akhoza kukhala kuti akupuma bwinobwino kudzera m'makina, koma nambala n'kumatsika chifukwa magazi onyamula mpweyawo achepa. Choncho nambala imodzimodzi, tinene 25, ikhoza kutanthauza mantha chabe kwa wodwala wina, pamene kwa wina ikutanthauza kuti mtima watsala pang'ono kuima. Makina sasankha okha tanthauzo. Wachipatala amayenera kuona wodwalayo, kugwira kugunda kwa mtima ndi kuyeza BP.

Njerwa zikasiya kukhala zafulati n'kuyamba kuoneka ngati denga lotsetsereka, ndiye kuti timachubu ta m'mapapo tafinyika ndipo mpweya ukutuluka movutikira. Zimenezi zimaoneka kwa odwala mphumu. Mankhwala otsegula chifuwa akayamba kugwira ntchito, dengalo limabwerera kukhala lafulati, ndipo wachipatala amaona ndi maso kuti chithandizo chikuphula kanthu.

Kamzere kakamalephera kubwerera pa ziro, wodwala akukokanso mpweya umene watulutsa kale. Ku thiyeta izi zimachitika kawirikawiri timiyala ta soda lime, timene timayamwa carbon dioxide m'makina ogonetsera, tikatha mphamvu.

Makinawa amathandizanso mtima ukaima. Pamene achipatala akudinikiza pachifuwa, nambala yosafika 10 imasonyeza kuti magazi sakuyenda mokwanira, choncho ayenera kudinikiza bwino kapena kusinthana ngati wodinikizayo watopa. Nambala ikadumpha mwadzidzidzi kukwera m'mwamba, nthawi zambiri ndi chizindikiro choyamba chakuti mtima wayambanso kugunda.

Nanga kachipangizo ka pachala kaja?

Ambiri tinazolowera pulse oximeter, kachipangizo kopanira pachala kamene kanatchuka nthawi ya Covid-19. Kameneka kamayeza okosijeni amene ali m'magazi, ndipo kapulumutsa anthu ambiri, makamaka ana odwala chibayo. Koma kali ndi chofooka chimodzi: kamachedwa kuulula kuti munthu wasiya kupuma. Wodwala amene wapatsidwa okosijeni wambiri amakhala ndi wina wosungika m'mapapo, choncho akhoza kusiya kupuma koma kachipangizoko n'kumasonyezabe 98 kwa mphindi zingapo. Pamene nambala ikuyamba kugwa, nthawi imakhala itatha kale, ndipo kwa ana aang'ono imagwa mofulumira kwambiri.

Capnograph imaona kupuma kulikonse pakokha. Kupuma kukangoima, kamzere kamagona ndipo belu limalira m'masekondi ochepa. Zipangizo ziwirizi ndi zothandizana: china chimanena za okosijeni amene wafika m'magazi, chinzake chimanena ngati mpweya ukulowa ndi kutuluka.

Zimene zinaoneka m'Malawi

M'maiko olemera makinawa amapezeka m'thiyeta iliyonse, koma kwathu kuno akhala osowa kwa nthawi yaitali. Mu January 2017 ntchito yotchedwa Global Capnography Project inayambika m'zipatala 8 za m'Malawi. Pa nthawiyo, m'zipatala zonsezo thiyeta imodzi yokha ndiyo inali ndi capnograph, ndipo m'zipinda za odwala mwakayakaya munalibiretu. Ntchitoyi inapereka makina 40 ndi kuphunzitsa ogonetsa odwala 32 kwa tsiku limodzi.

Patatha miyezi 6, ogwira ntchitowa ananena kuti makinawa anawathandiza kuzindikira maulendo 44 pamene kapaipi kanalowa m'njira ya chakudya, ndipo 28 mwa iwo anati akukhulupirira kuti makinawa apulumutsa miyoyo. Zotsatirazi zinasindikizidwa m'chaka cha 2019 m'magazini ya madokotala yotchedwa Anaesthesia. Kusochera kwa kapaipi kumachitikira ngakhale katswiri wodziwa ntchito yake. Chimene chimapha wodwala ndi kusazindikira msanga kuti kasochera.

Zimene makinawa sangaone

Makhololo ndi chinyezi zimatha kutseka kachubu koyezera. Wodwala amene ali ndi timachubu m'mphuno koma akupumira pakamwa akhoza kuonetsa nambala yotsika yabodza. Kwa munthu amene mapapo ake adwala kwambiri, nambala ya pamakina imatha kukhala yotsika kuposa carbon dioxide weniweni amene ali m'magazi, ndipo pamafunika kuyeza magazi.

Makolo adziwenso kuti carbon dioxide ndi wosiyana ndi carbon monoxide, mpweya wakupha umene umachokera pambaula ya makala yoyatsidwa m'nyumba yotseka nyengo yozizira. Umenewu sununkha, suoneka, capnograph siuyeza, ndipo pulse oximeter wamba imatha kusonyeza nambala yabwino munthu ali pangozi. Musagone ndi mbaula yoyaka m'nyumba. Mukapeza anthu a m'nyumba imodzi akudandaula mutu, chizungulire kapena akomoka, atulutseni panja ndi kuthamangira nawo kuchipatala.

Mbali ya makolo ndi mavolontiya

Kumudzi kulibe capnograph, koma funso limene makinawa amayankha mungathe kulifunsa ndi maso anu: kodi mpweya ukulowa ndi kutuluka bwino? Mwana akakhala ndi chifuwa, dikirani akhale phee, muvundukule pachifuwa, ndipo muwerenge kupuma kwake kwa mphindi yathunthu. Malinga ndi bungwe la WHO, mwana akupuma mofulumira ngati wafika maulendo 60 pa mphindi asanakwane miyezi 2, maulendo 50 ali ndi miyezi 2 mpaka 11, kapena maulendo 40 ali ndi chaka chimodzi mpaka asanakwane zaka 5. Nthiti zikamalowa m'kati pokoka mpweya, kapena mwana wotentha thupi akamapuma mozama ngati wathamanga, musadikire kuti kuche.

Kupuma pang'onopang'ono nakonso n'koopsa, ndipo n'kumene kumapusitsa anthu ambiri. Mukamadikirira m'bale wanu amene wachoka ku thiyeta, wabayidwa mankhwala amphamvu opha ululu, kapena mwana amene wapatsidwa mankhwala oletsa kukomoka, musangoti wagona tulo tabwino. Akamaliza nkonono wachilendo, akamadukiza popuma, akamavuta kudzutsa kapena milomo ikayamba kuda, itanani namwino nthawi yomweyo, ngakhale wodwalayo ali pa okosijeni.

Wodwala akamakonzekera opaleshoni, uzani wogonetsa ngati ali ndi mphumu, chifuwa kapena chimfine, ngati amaliza nkonono kwambiri usiku, komanso ngati anavutikapo ndi mankhwala ogonetsa. Mukauzidwa kuti asadye, musamupatse kaphala mobisa chifukwa chomumvera chisoni, popeza chakudyacho chikhoza kubwerera n'kulowa m'mapapo. Muli ndi ufulu wofunsa mwaulemu mmene adzayang'anire kupuma kwa wodwala wanu ali mtulo.

Ngati m'bale wanu ali pamakina ndipo belu lalira, musazimitse kapena kuchotsa kachubu poganiza kuti kakumusowetsa mtendere. Mwina n'kachubu chabe kamene kasuntha, koma mwinanso belulo ndi limene layamba kudziwa kuti wodwalayo wasiya kupuma. Itanani wachipatala adzaone.