Za Mafuta a Lubani

Akristu anzathu, fungo la lubani mulidziwa nonse, pakuti limadzaza tchalitchi pa Misa yaikulu ndi pa Mdalitso wa Sakramenti Loyera. Ndiponso pa tsiku la Epifania timakumbukira kuti anzeru a kum'mawa anampatsa Mwana Yesu lubani pamodzi ndi golidi ndi mure. Koma makono kwabuka malonda ena, ndiwo mafuta a lubani a m'timabotolo, amene anthu amanunkhiza kuti mtima ukhale pansi. Tiyenera kunenapo, popeza mtengo wache ngwokwera, ndipo ogulitsa amalonjeza zambiri.

Lubani ndi utomoni wa mtengo wotchedwa Boswellia, womera pa miyala youma ku Dhofar m'dziko la Oman, ku Yemen ndi ku Somalia. Eni ache amasema khungwa, ndipo pabalapo pamatuluka madzi oyera ngati mkaka, amene Aarabu anawatcha luban, dzina limene ifenso tinalandira. Madziwo akauma, amawakolola. Tsono pofuna mafuta amatcheza utomoniwo ndi nthunzi, monga momwe ena atchezera kachasu, ngakhale ntchito imeneyo sitiitchula moiyamikira.

Ubwino wache tiubvomereza. Madontho awiri kapena atatu m'mbale ya madzi ofunda akwanira kununkhiritsa chipinda chonse, ndipo ambiri amati akapuma fungolo nkhawa imachepa, tulo nkubwera msanga. Wofuna kudzola ayambe wawasakaniza ndi mafuta ambiri odzola, chifukwa paokha amanyereza khungu. Asamwe konse, asawafikitse m'maso, ndipo awabise kwa ana.

Apa mvetsetsani. M'utomonimo muli mankhwala otchedwa boswellic acids, amene madokotala amawayesa pa matenda a nyamakazi. Koma mankhwalawo ngolemera, sakwera ndi nthunzi, amatsala mumphika. Motero m'kabotolo mumalowa fungo, iwo osalowamo. Wina akakuuzani kuti mafutawa achiza khansa, musamvere, ndipo wodwala wanu mupite naye ku chipatala lero lomwe.

Mitengonso iri pa mabvuto. M'chaka cha 2019 akatswiri anaonetsa kuti mtundu wa ku Ethiopia, Eritrea ndi Sudan, umene umapereka lubani wambiri wofukiza m'matchalitchi, ulikutha: anthu amausema mopitirira, moto umaocha tchire, ng'ombe zimadya timitengo tating'ono. Anawerengera kuti zikapitirira chotero, pa zaka 20 zokolola zache zidzatsika ndi theka.