Buku latsopano lisakwirire lakale

Sabata ino makalata anu ayambe adikira. Ndili ndi nkhani imene yakhala ikundizungulira m'mutu chichokereni mwana wanga womaliza, yemwe adabwera kudzationa kuno ku Biriwiri.

Mnyamatayu amagwira ntchito yolemba mapulogalamu a pakompyuta ku Lilongwe. Akabwera kumudzi, anzake ali kudimba kukumba mbatatesi, iye ali pakhonde, kompyuta pamwendo, kusakasaka netiweki. Tsiku lina zitandikwana ndidamufunsa: "Kodi iwe, n'chiyani chakugwira pamenepo mpaka nsima kuzizira?"

"Pepani amayi, ndikupanga update Git," adatero.

"Git ndiye ndani?"

Adaseka, kenaka n'kundilongosolera. Ati pulogalamu imodzi ya pakompyuta imalembedwa ndi anthu ambiri, wina ali ku Lilongwe, wina ku Blantyre, wina kunja. Aliyense amasintha pena pake. Tsono pamafunika kalembera wosunga mbiri yonse: chasintha n'chiyani, wasintha ndani, tsiku liti, ndipo chifukwa chake n'chiyani. Ntchito imeneyi eni ake amaitcha version control, ndipo Git ndiye kalembera wotchuka kwambiri. Adamupanga ndi Linus Torvalds, mbadwa ya ku Finland, m'chaka cha 2005, ndipo kuyambira chaka chomwecho amene amamuyang'anira ndi Junio Hamano. Munthu akalakwitsa, ati njira yabwino si kufufuta ayi. Amalemba kusintha kwina kokonza cholakwikacho, cholakwikacho n'kukhalabe poonekera kuti wobwera m'mbuyo adziwe chidachitika.

Apa ndidamudula pakamwa. "Iwe, zimenezo ife tidaphunzira usanabadwe."

Kusukulu ya unamwino lamulo lidali lomwelo. Ukalemba molakwika pafailo ya wodwala, sufufuta, supaka utoto woyera, sung'amba pepala. Umadula ndi mzere umodzi kuti mawu akalewo aziwerengekabe, n'kulemba olondola pambali, kusainira ndi kuika tsiku. Aphunzitsi athu ankati amene adzawerenge failoyo pakati pausiku sadzakhala ndi mwayi wokufunsa. Tsono lero ndikufuna tikambirane za kalembera wa m'nyumba mwanu, buku la kuchipatala lija mumasunga m'thumba la shuga.

Ndiyambe ndi nkhani imene sindiikonda kuikamba. Zidachitika m'zaka zomwe mankhwala oyamba a malungo adali Fansidar. Pachipatala china chaching'ono pomwe ndinkagwira ntchito padafika gogo atabereka mdzukulu wa zaka zinayi, thupi lili moto. Buku lidali latsopano, loyera mbee, dzina lokha pachikuto. Ndidafunsa: "Agogo, alipo mankhwala amene amamuwenga mwanayu?" Iwo adati sakudziwa, mayi ake apita kukagulitsa kabichi ku Lizulu. Ndidapereka Fansidar monga mwa malamulo a nthawiyo.

Patapita masiku angapo mwana uja adabweranso, maso ali psuu, m'kamwa muli zilonda, khungu likuchita matuza ngati wapsa ndi madzi otentha. Tidamutumiza kuchipatala chachikulu komwe adagona milungu itatu. Mayi ake atafika akulira adati: "Anamwino, chaka chatha adatuluka zidzolo atamwa Bactrim, ndipo adokotala adalemba ndi cholembera chofiira." Adalemba kuti? M'buku lakale. Nanga bukulo lili kuti? Lidadzaza, adagula lina, lakalelo ana adang'amba masamba n'kumakulungira zitumbuwa.

Abale, Bactrim ndi Fansidar ndi pachibale, onse ali m'gulu la mankhwala a sulfa. Mzere umodzi wofiira uja ndikadauona, sindikadapereka. Mwanayo adachira, koma ine amene ndidapereka mankhwalawo sindidaiwale mpaka lero. Ndipo musati ndi zakale: Fansidar akuperekedwabe kwa amayi oyembekezera kusikelo pofuna kupewa malungo, ndipo Bactrim amamwa ambiri amene ali ndi HIV.

Nditamufotokozera mwana wanga nkhaniyi adakhala chete, kenaka adandionetsa zinthu zitatu zimene eni ake a Git adakonza m'zaka zapitazi. Ndidadabwa kuona kuti chilichonse chikufanana ndi vuto limene ndidakumana nalo pantchito.

Choyamba chidabwera mu Ogasiti 2019, mu Git 2.23. Kale padali lamulo limodzi, checkout, logwira ntchito ziwiri: kusamuka kuchoka pa ntchito ina kupita pa ina, komanso kubwezera failo mmene idalili poyamba. Anthu ankasokoneza, wina pofuna kusamuka n'kupezeka wataya zimene walemba tsiku lonse. Tsono adawonjezera malamulo awiri, switch wosamukira ndi restore wobwezera, lililonse ntchito yakeyake.

Nafenso m'makomomu timakonda kugwiritsa chinthu chimodzi ntchito ziwiri. Buku la mkulu latayika, mwatenga la mng'ono wake. Kapena mwabwereka la mwana wa achemwali anu poti mayina a bambo ndi amodzi. Dziwani kuti mankhwala a mwana amapimidwa potengera kulemera kwake ndi msinkhu wake. Ngakhale tchati cha sikelo, cha mwana wamwamuna n'chosiyana ndi cha wamkazi. Mukasakaniza, katemera wa mmodzi amalembedwa pa mnzake, wina n'kubayidwa kawiri, wina osabayidwa konse. Munthu mmodzi, buku lakelake. Mapasa ndi anthu awiri, mabuku awiri.

Chachiwiri n'chokhudza chidindo. Ati kusintha kulikonse mu Git kumalandira nambala yaitali yowerengedwa kuchokera pa zimene zalembedwazo pamodzi ndi nambala ya kusintha kwa m'mbuyo mwake, ngati mkanda womangidwa pa ulusi umodzi. Ukasolola mkanda umodzi pakati, manambala onse akutsogolo amasintha, ndipo anzako amadziwa kuti wina wagwira mbiri. M'chaka cha 2017 akatswiri a kampani ya Google ndi a bungwe la CWI ku Amsterdam adaonetsa kuti njira yakale yowerengera nambalayi, SHA-1, ingathe kupusitsidwa. Mu Okutobala 2020, Git 2.29 idayamba kulola njira ina yolimba, SHA-256.

Ife chidindo chathu ndi kapepala ka timizeremizere kaja amamata pabuku m'zipatala zomwe zili ndi makompyuta. Ntchito imeneyi kuno kwathu idayamba m'chaka cha 2001 ndi bungwe la Baobab Health pachipatala chachikulu cha ku Lilongwe, chomwe lero ndi Kamuzu Central. Kapepalako ndiko kamalumikiza buku lanu ndi mbiri yanu ya m'kompyuta. Mukafika ndi buku latsopano osanena kuti mudalembetsapo kale, nthawi zina mumalembedwa ngati munthu wachilendo, mbiri yanu n'kugawika pawiri. Choncho musamatule kapepalako, ndipo mukasintha buku nenani.

Chachitatu ndicho chidandigwira mtima kwambiri kaamba ka kumene tikukhala. Anthu awiri akagwira ntchito imodzi aliyense kwayekha, pamapeto pake zolemba zawo ziyenera kuphatikizidwa, zomwe amati merge. Mu Novembala 2021, Git 2.34 idayamba kugwiritsa ntchito njira yatsopano yophatikizira, yachangu kuposa yakale. Komabe, adatero mwana wanga, awiriwo akasintha mzere umodzimodzi mosiyana, Git saganizira yekha ayi. Amaima n'kuuza munthu kuti aone zonse ziwiri, asankhe cholondola.

Kuno ku Biriwiri malire ndi msewu. Kuoloka M1 uli ku Mozambique, m'boma la Tsangano. Timakwatirana, timalima, timaika maliro mbali zonse ziwiri. Paja amati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Mwana amabadwira uko, katemera woyamba n'kulembedwa pakhadi ya Chipwitikizi, miyezi itatu mayi wabwerera kwawo, wayamba sikelo kuno ndi buku la Malawi. Amayi ambiri amabisa khadi ya kutsidya poopa kukalipiridwa. Musatero. Tengani zonse ziwiri, muike patebulo, namwino kapena mlangizi wa zaumoyo aphatikize. Mayina a katemera monga BCG ndi masiku ake amawerengeka ngakhale khadi ili m'Chipwitikizi. Ngati kompyuta yeniyeniyo imaima n'kufunsa munthu, inu musamaphatikize nokha m'mutu.

Koma chachikulu pa zonse chimene ndidatolapo n'chakuti m'kusintha konseku mbiri yakale sadaitaye. Git watsopano amawerengabe zimene zidalembedwa mu 2005. Chatsopano chimabwera kudzakhala pamwamba pa chakale, osati kudzachikwirira.

Zachipatala nazo zimasintha chomwecho, ndipo ine ndaona zambiri. Mu 1993 dziko lino lidasiya chloroquine n'kuyamba Fansidar, mu 2007 tidasamukira ku LA. Katemera wa chibayo adayamba mu 2011, wa kutsegula m'mimba wa rota mu 2012, wa malungo adayambira m'maboma ena mu 2019, ndipo wa taifodi adabwera mu 2023. Tsono apongozi akamati "ife ana athu sankabayidwa kambirimbiri chonchi," akunena zoona, koma za nthawi yawo. Si kuti anamwino a lero asokonezeka ayi, ndondomeko ndiyo idakonzedwa. Ndipo kuti adziwe chimene mwana wanu akuperewera pandondomeko yatsopano, ayenera kuona chimene adalandira pa yakale.

Tsopano ndilankhule nanu inu maanja achinyamata, ndipo ndilankhula mosapsatira. Alipo ena amene buku silidzaza, silinyowa, koma amagula lina dala kuti abise zimene zidalembedwa. Mtsikana akulowa m'banja, sakufuna mwamuna adziwe kuti adapitapo padera kapena adachitidwapo opaleshoni. Wina adayezetsa magazi, zotsatira zidalembedwa, wang'amba tsambalo. Abambo nawonso amatero, musaganize kuti ndi amayi okha.

Ana anga, manthawo ndikuwamvetsa, ndipo sindikuweruzani. Ndaona amayi akuthamangitsidwa panyumba chifukwa cha tsamba limodzi. Koma thupi silifufutika ngati pepala. Mayi amene adabereka kudzera opaleshoni ayenera kuchirira kuchipatala chomwe chili ndi fiyeta, chifukwa chilonda cha m'chiberekero chitha kung'ambika pa nthawi ya matenda. Amene BP idakwera pa mimba yoyamba ayenera kuonedwa pafupipafupi pa yachiwiri. Amene ali ndi HIV akamamwa mankhwala mokhulupirika, mwayi woti mwana abadwe wopanda kachilombo ndi waukulu zedi, ndipo kuyambira mu 2011 dziko lino limayambitsa mankhwalawa mayi aliyense woyembekezera amene wapezeka nako. Mukabisira namwino, mwadzimana chithandizo chimenechi, inu ndi mwana yemwe.

Ngati vuto ndi kuopa a kunyumba, uzani namwino pambali kuti, "Mayi, pali zimene amuna anga sakudziwa." Kusunga chinsinsi ndi lumbiro lathu. Alipo aphungu othandiza banja kukambirana, ndipo mutha kukayezetsa limodzi ngati mukuyamba kumene. Inunso abambo, mkazi akakuonetsani buku lake lonse ndiye kuti wakukhulupirirani. Musasandutse bukulo umboni wa pabwalo la milandu. Onetsani lanunso.

Pomaliza, nazi zimene ndikupempha muchite sabata ino. Fufuzani mabuku onse a m'nyumba mwanu, akale ndi atsopano. La munthu aliyense mulisoke ndi ulusi kapena kulimata pamodzi ndi lakale lake, latsopano pamwamba. Ngati alipo mankhwala amene adamuwengapo wina, pemphani achipatala alembe pachikuto cha buku latsopano ndi zilembo zikuluzikulu, ndipo uzani aliyense amene amatsala ndi mwana, kaya ndi agogo, kaya wantchito. Mukaona cholakwika, monga tsiku lobadwa kapena dzina, musakonze nokha, pitani nalo akadule ndi mzere umodzi n'kusainira. Sungani m'pulasitiki, patali ndi chiswe, makoswe ndi denga lodontha. Amene muli ndi foni yojambula, jambulani tsamba la katemera ndi la mankhwala, kuti buku likapsa kapena kutayika mukhale ndi poyambira. Ndipo munthu akamwa mankhwala n'kuyamba zidzolo, matuza, zilonda m'kamwa kapena kufiira maso, asiye kumwa, muthamangire naye kuchipatala tsiku lomwelo mutanyamula mankhwalawo ndi buku.

Mwana wanga uja tsiku lonyamuka ndidamutulutsira khadi yake ya sikelo, yachikasu ndi ukalamba, m'mphepete modyedwa ndi njenjete. Adaiyang'ana nthawi yaitali, n'kupeza mwezi umene sikelo yake idatsika atadwala chikuku. "Amayi, mudasunga mpaka lero?" Ndidati tenga, ukaonetse mkazi wako, ndipo ya mdzukulu wanga mukaisunge chimodzimodzi.

Pitirizani kulemba makalata, sabata yamawa tidzayankha. Khalani bwino m'maanjamo.