THORIUM: NKHUNI ZIMENE SIZIYAKA POPANDA KUPALA MOTO KWINA

Anthu amene anakula pa masiku amene nyali yopopa ya Tilley inali cuma ca mphunzitsi, mwini sitolo ndi msodzi wa kapenta, akumbukira bwino kathumba koyera kamene kanali kumangidwa m'kati mwa galasi. Kakapsa koyamba kanali kusanduka phulusa losacedwa kusweka, koma phulusa lomwelo ndilo linali kuwala mbee usiku wonse. Ndi owerengeka okha amene anadziwa kuti kathumbako kanali konyikidwa m'mankhwala a citsulo cochedwa thorium. Katswiri wa ku Austria, Carl Auer von Welsbach, ndiye anapeza mu 1891 kuti thorium wosanganiza ndi cerium pang'ono amawala kwambiri akatenthedwa. Makampani ena akulu-akulu anasiya kumgwiritsa nchito m'zaka za m'ma 1990.

Dzina la citsulo cimeneci labweranso m'nkhani za maiko akunja, tsopano cifukwa ca magetsi. Mu November 2025 akatswiri a ku China analengeza kuti m'ng'anjo yao yaing'ono ya nyukiliya anatha kusandutsa thorium kukhala uranium woyaka. Nkhaniyi inakondweretsa ambiri, pakuti thorium amapezeka m'nthaka katatu kapena kanayi kuposa uranium. Koma funso limene liyenera kufunsidwa ndi lakuti: ngati citsuloci ndi cocuruka cotere, nanga ncifukwa ninji kwa zaka zoposa 60 maiko akhala akungociyesa-yesa osamanga naco nyumba zazikuru za magetsi? Yankho lake liri m'khalidwe la thorium mwini wake.

Mwala wakuda wa ku Norway

Mu 1828 mbusa wina wokonda kutola miyala, Morten Thrane Esmark, anapeza mwala wakuda pa cisumbu ca Løvøya ku Norway. Mwalawo unafika m'manja mwa katswiri wa ku Sweden, Jöns Jacob Berzelius, amene mu 1829 anaonetsa kuti munali citsulo cosadziwika. Anacicha dzina la Thor, mulungu wa bingu wa makolo a anthu a kumeneko.

Panapita zaka pafupi-fupi 70 anthu asanadziwe cinsinsi cake. Mu 1898 Gerhard Schmidt ku Germany ndi Marie Curie ku Paris, aliyense payekha, anapeza kuti thorium amaturutsa ceza cosaoneka ndi maso monga momwe acitira uranium. Caka cotsatira ku McGill University mu mzinda wa Montreal, Robert Owens ndi Ernest Rutherford anadabwa kuona kuti miyeso yao inali kusintha kamphepo kakangolowa m'cipinda, ngakhale pongotsegula citseko. Rutherford anafufuza napeza kuti thorium anali kuturutsa mpweya wina, ndi kuti mphamvu ya mpweyawo inali kutsika ndi theka pa mphindi iri yonse. Pofika mu 1902 iye ndi mnzace Frederick Soddy anali atatsimikiza cinthu cimene ophunzira a nthawiyo anali kukana kwa mtu wa galu: atomu ya citsulo cimodzi ikhoza kusweka yokha ndi kusanduka atomu ya cinthu cina.

Mibadwo khumi

Kuti nkhaniyi imveke, munthu angayerekeze nkhokwe ya matumba 80 a cimanga imene anankafumbwe amadyamo theka la cotsala caka ciri conse. Caka coyamba patsala matumba 40, caciwiri 20, cacitatu 10. Nthawi imene theka limathera ndiyo muyeso umene akatswiri amayesera zinthu zonse zoturutsa ceza. Zina theka lake limatha m'kuphethira kwa diso, zina m'zaka zikwi.

Pa muyeso umenewu thorium-232, amene ndiye pafupi-fupi thorium yense wa m'nthaka, ndi kamba weni-weni. Theka lake limatha pa zaka mamiliyoni 14,000. Dziko lapansi liri ndi zaka ngati mamiliyoni 4,500, cotero mwa magawo asanu a thorium amene analipo pamene dziko linali kuumbika, anayi akalipo mpaka lero. Kucedwa kumeneku ndiko cifukwa cimodzi cimene iye acurukira kuposa uranium. Kutentha kumene amaturutsa pang'ono-pang'ono, pamodzi ndi kwa uranium ndi potassium, ndi mbali yaikuru ya moto wa m'kati mwa dziko.

Atomu ya thorium ikasweka siifika msanga popumulira. Imadutsa masinthidwe khumi, ngati mibadwo khumi ya banja limodzi. Poyamba imataya kacidutswa kolemera kochedwa alpha nisanduka radium-228, amene theka lake limatha pa zaka zisanu ndi miyezi isanu ndi inayi. Radium ameneyu amabala actinium-228 wa maola asanu ndi limodzi, amene amabwerera kukhala thorium wa mtundu wina, thorium-228, wa zaka ziwiri zosakwanira. Pambuyo pake pamabwera radium-224 wa masiku atatu ndi theka, ndipo iyeyu ndiye amabala mpweya uja unabvutitsa Rutherford, radon-220, wa masekondi 56. Kucokera apa zinthu zimathamanga: polonium, mtovu wosakhazikika, bismuth, kenaka njira imagawika pawiri, ina kudzera mwa polonium wina, ina kudzera mwa thallium-208. Zonse ziwiri zimathera pa mtovu-208, umene susinthanso. Pa ulendo wonsewu atomu imataya tizidutswa ta alpha tisanu ndi kamodzi, kali konse kolemera miyeso inayi, ndipo ndico cifukwa cake nambala imatsika kucoka pa 232 kufika pa 208.

Kholo la banjali ndi lofatsa. Aukali ndi adzukulu. Ceza ca alpha cimachingidwa ndi pepala kapena khungu la munthu, koma thallium-208 amaponya ceza ca gamma cimene cimafuna makoma ocindikala a mtovu kapena simenti. Ndiponso ngakhale kholo lofatsalo limasanduka mdani likalowa m'thupi. Kuyambira ca m'ma 1930 mpaka m'zaka za m'ma 1950 madokotala a ku Ulaya, America ndi Japan anali kubaya odwala mankhwala a thorium ochedwa Thorotrast kuti mitsempha ioneke bwino pa zithunzi za X-ray. Zithunzi zinali kuturuka zokoma ndithu. Koma thorium anali kukhazikika m'ciwindi, m'kapamba ndi m'mafuta a m'mafupa kwa moyo wonse, ndipo patapita zaka 20 kapena 30 ambiri mwa odwala aja anafa ndi kansa ya ciwindi kapena ya magazi.

Kupala moto

Kusweka kwa pang'ono-pang'ono kumeneku sikungathe kuwiritsa madzi oyendetsa makina a magetsi. Ng'anjo ya nyukiliya imadalira cinthu cina: kung'amba atomu pakati mwadala. Kanthu kakang'ono kochedwa nyutroni kakagunda atomu ya uranium-235, atomuyo imang'ambika, nituruka kutentha kwakukuru pamodzi ndi manyutroni ena awiri kapena atatu amene amakang'amba maatomu ena. Moto umadzikoleza wokha. Bvuto ndi lakuti mwa maatomu 1,000 a uranium wokumbidwa m'migodi, asanu ndi awiri okha ndiwo a mtundu woyakawu.

Thorium alibe ngakhale imodzi. Nyutroni yoyenda pang'ono-pang'ono ikamgunda, iye sang'ambika, amangoimeza. Akatero amasanduka thorium-233, amene theka lake limatha pa mphindi 22 nakhala protactinium-233. Uyu naye amatenga masiku 27 kuti theka lake lisanduke uranium-233, ndipo uranium-233 ndiye nkhuni zeni-zeni. Glenn Seaborg ndi anzace ku California ndiwo anaonetsa kuti amayaka, m'zaka za 1941 ndi 1942.

Cotero thorium ali ngati nyumba yodzala ndi nkhuni zaziwisi koma yopanda khala la moto. Mwini nyumba ayenera kukapala moto kwa mnansi, ndipo mnansiyo ndi uranium-235 kapena plutonium. Moto ukagwira bwino pamacitika cinthu cosangalatsa. Uranium-233 akameza nyutroni imodzi amabweza oposa awiri: ina imapitiriza moto, ina imagwera pa thorium watsopano ndi kumkonza kuti adzayake mawa. Ng'anjo yomangidwa mwaluso ikhoza kupanga nkhuni zocuruka kuposa zimene yatentha. Ubwino wina ndi wakuti phulusa lake limakhala ndi plutonium wocepa kwambiri, pamodzi ndi zitsulo zina zolemera zimene zimakhala zoopsa kwa zaka zikwi zambiri.

Amene anayesa

Dziko la America ndilo linayamba. Ku Oak Ridge mu Tennessee, pansi pa utsogoleri wa Alvin Weinberg, anamanga ng'anjo imene nkhuni zake zinali zosungunulidwa mu mcere wotentha woyenda ngati madzi. Inagwira nchito kuyambira 1965 mpaka 1969, ndipo mu 1968 inakhala yoyamba pa dziko lonse kuyendera uranium-233, ngakhale kuti thorium weni-weni sanaikidwemo. Boma linasankha kuika ndalama zake pa ng'anjo za plutonium, nchito ya mcere inazilala, ndipo Weinberg anacotsedwa pa udindo mu 1973.

Umboni womveka bwino unacokera ku Shippingport mu Pennsylvania. Kuyambira 1977 mpaka 1982 ng'anjo ya kumeneko inapereka magetsi kwa anthu ndi thorium ndi uranium-233. Ataizima ndi kupima zotsala, anapeza kuti nkhuni zoyaka zinali zitaonjezeka ndi gawo limodzi ndi pang'ono mwa magawo 100. Phindu linali locepa, koma mfundo inatsimikizika. Ku Germany, ng'anjo ya THTR-300 ku Hamm, ya mamegawati 300, inali kutentha timipira ta graphite tokhala ndi thorium ndi uranium m'kati. Inayamba kupereka magetsi mu 1985, koma inatsekedwa mu 1989 cifukwa ca kuonongeka kwa zipangizo, kukwera kwa ndalama ndi mantha amene anagwira anthu pambuyo pa ngozi ya ku Chernobyl mu 1986.

Dziko limene lapirira koposa ndi India. Liri ndi uranium wocepa, koma mcenga wa m'mphepete mwa nyanja ku Kerala ndi madera ena ndi wodzala ndi monazite, mwala umene thorium amacokeramo. M'zaka za m'ma 1950 Homi Bhabha anakonza ulendo wa masitepe atatu. Poyamba ng'anjo za uranium zipange plutonium. Kenaka ng'anjo za plutonium zicurukitse moto ndi kuyamba kukonza thorium. Potsiriza pake pabwere ng'anjo za thorium ndi uranium-233. Bhabha anafa pa ngozi ya ndeke mu 1966 ulendo uli pa ciyambi. Ku Kalpakkam kuli kang'anjo kofufuzira kochedwa KAMINI, ka makilowati 30, kamene kanayamba kuyendera uranium-233 mu 1996. Ng'anjo yaikuru ya sitepe yaciwiri, ya mamegawati 500, inayamba kumangidwa mu 2004, ndipo nchito yolongamo zoyaka inayambika mu March 2024, zaka 20 pambuyo pake. Akale anati kuona maso a nkhono nkudekha, koma kudekha kwa India kwadya mibadwo itatu ya akatswiri.

Cimene cimabweza m'mbuyo

Cifukwa coyamba ndi ca malonda. Pamene Bhabha ndi Weinberg anali kuwerengera, anthu anali kuopa kuti uranium adzatha msanga. Migodi yatsopano inapezeka ku Canada, Australia, Kazakhstan, Niger ndi Namibia, mtengo unatsika, ndipo mafakitale onse, malamulo ndi maphunziro zinali zitamangidwa kale pa uranium kuyambira pa nkhondo yaciwiri. Palibe amene amasiya citsime ca pakhomo cikali ndi madzi.

Caciwiri ciri m'banja lija la mibadwo khumi. Popanga uranium-233 pamapangikanso uranium-232 pang'ono, ndipo uyu akamasweka amalowa m'njira yomweyo yopita kwa thallium-208. Cotero nkhuni zatsopanozo munthu sangaziyandikire. Ziyenera kukonzedwa ndi makina oyendetsedwa kuseri kwa makoma ocindikala, ndipo izi zimadya ndalama zambiri. Masiku 27 a protactinium nawo ndi bvuto, pakuti akali kudikira akhoza kumeza nyutroni ina ndi kutayika.

Okonda thorium amanena kawiri-kawiri kuti iye alibe phulusa loopsa ndi kuti sangapange bomba. Apa amapyola malire. Zidutswa za atomu yong'ambika ndi zoopsa cimodzi-modzi, kaya zacokera kwa uranium-233 kapena uranium-235, ndipo ziyenera kusungidwa kwa zaka mazana. Za bomba, nzoona kuti ceza ca gamma cimabvutitsa wofuna kuba kapena kubisa, koma mu 1955 America inaphulitsa ku Nevada bomba loyesera limene munali uranium-233.

Ku cipululu ca Gansu

Ng'anjo ya ku China iri pafupi ndi mzinda wa Wuwei m'cigawo ca Gansu, m'mphepete mwa cipululu ca Gobi, ndipo imayendetsedwa ndi Shanghai Institute of Applied Physics. Akatswiri ake anatola nzeru ya mcere wosungunuka pamene Oak Ridge inaisiya, pogwiritsa nchito malipoti amene America inawasindikiza poyera. Moto unagwira mu October 2023, mphamvu yonse inafikidwa mu June 2024, ndipo thorium anathiridwamo mu October caka comweco. Khala loyatsira ndi uranium-235. Mcere umanyamula kutentha popanda kuupanikiza mwamphamvu monga acitira ndi madzi m'ng'anjo zamasiku onse, ndipo ng'anjoyo siifuna mtsinje waukuru pafupi.

Mfundo yotsirizayi imamveka kwa aliyense amene anaona cilala ca 2024 muno m'Zambia, pamene madzi a Kariba anatsika, ndipo dziko limene magawo oposa 80 mwa 100 a magetsi ake amacokera ku madzi linakhala mumdima maola 17 kapena kuposa pa tsiku. Mwala wa monazite suli wacilendo kuno kumwera kwa Africa. Mgodi wa Steenkampskraal ku South Africa unali kuukumba cifukwa ca thorium kuyambira 1952 mpaka 1963. Koma kukhala ndi mwala ndi mbali yocepa ya nchitoyi, ndipo miyeso iyenera kuonedwa bwino. Makina a ku Kariba North Bank akhoza kupereka mamegawati 1,080 a magetsi madzi akakhala okwanira. Ng'anjo ya ku Wuwei imaturutsa mamegawati awiri a kutentha, ndipo inamangidwira kuphunzirirapo. Eni ake anena kuti akufuna kumaliza ina ya mamegawati 100, yoonetsera cabe, pofika caka ca 2035.