Ndege yaing'ono ikaoloka malire: kuthamanga sikufika

Ndege yaing'ono ikamadutsa pamwamba pa Itepela, ana amasiya masewera nathamangira pabwalo, ndipo akuluakulu amene ali kumunda amaimika makasu kuti aione mpaka itabisika kuseri kwa mapiri. Ambiri amati anthu a m'katimo ndi odala, popeza ulendo wochokera ku Cuamba kupita ku Lichinga, umene pa chapa kapena pa sitima ya pamtunda umadya gawo lalikulu la tsiku, iwo amautha ola limodzi lisanakwane.

Changucho chilipodi. Koma zimene zachitika ku Malawi ndi muno m'Mozambique kuyambira m'chaka cha 2022 zaonetsa kuti ndege yaing'ono, makamaka ikakhala ya eni ake ndipo yachokera dziko lina, imayenda ndi mavuto amene munthu wa pansi sawaona. Nyengo ikhoza kuitsekera njira, mafuta ake sapezeka paliponse, akuluakulu a boma akaikayikira woyendetsa akhoza kugona m'ndende, ndipo ikagwa, oyamba kufikapo sakhala madokotala koma asodzi ndi alimi.

Ngozi ya ku Nkhotakota

Pa 20 Ogasiti 2024 ndege ya mtundu wa Cessna 210, ya kampani ya ku Zimbabwe yotchedwa Nyasa Express, inanyamuka m'boma la Nkhotakota kupita ku Liwonde m'boma la Machinga. M'ndegemo munali anthu atatu: woyendetsa wa ku Zimbabwe ndi alendo awiri a ku Netherlands. Isanapite patali, ndegeyo inagwera m'nyanja ya Malawi, imene kuno timaitcha Niassa.

Asodzi amene anali pafupi anapalasa ngalawa zawo mwachangu navuula mayi mmodzi ali moyo. Woyendetsa ndegeyo ndi mlendo winayo anafera m'madzi momwemo. Malinga ndi zimene akuluakulu a boma anauza atolankhani, mayi wopulumukayo anafotokoza kuti woyendetsa anakomoka ndege ili m'mwamba.

Apa ndi pamene pali kusiyana koyamba pakati pa ndege zazikulu ndi zazing'ono. Ndege yaikulu yonyamula anthu ambiri imakhala ndi oyendetsa awiri ndi injini ziwiri kapena kuposerapo, kotero kuti china chikalephera chinzake chimapitiriza ntchito. Cessna 210 ili ndi injini imodzi, mipando isanu ndi umodzi, ndipo kawirikawiri woyendetsa amakhala yekha. Iye akadwala kapena injiniyo ikazima, palibe pambali pa msewu poti n'kuimika monga achitira dalaivala wa lole.

Ndege zimenezi n'za yani?

Anthu a ku Ngauma ndi Mandimba amene anali akuluakulu nthawi ya nkhondo, pangano la mtendere la pa 4 Okutobala 1992 lisanasainidwe, amakumbukira kuti misewu ndi njanji zinali zosadalirika, ndipo zinthu zambiri zofunika ku Lichinga zinkafika ndi ndege. Masiku ano msewu wa N13 uli ndi phula, ndipo njanji ya Cuamba mpaka Lichinga inatsegulidwanso m'chaka cha 2016, koma ndege zazing'ono sizinathe ntchito. Zina ndi za amishoni ndi mabungwe a zaumoyo, zina ndi za makampani, zina zimanyamula alendo opita ku nyanja kapena ku nkhalango ya Niassa Special Reserve kumpoto, imene ndi yaikulu makilomita pafupifupi 42,000 mbali zonse. Kumeneko ndege zimathandizanso powerenga njovu, ndipo pa ntchito imeneyi zimauluka pansi kwambiri, mamita ngati 100 okha kuchokera pa nthaka.

Munthu akhoza kudziwa kwawo kwa ndege poona zilembo zolembedwa m'mbali mwake ndi kunsi kwa phiko. Zoyamba ndi C9 ndi za muno m'Mozambique, 7Q ndi za ku Malawi, 9J za ku Zambia, 5H za ku Tanzania, ZS za ku South Africa, Z za ku Zimbabwe, ndipo N ndi za ku America. Zilembozi zili ngati nambala ya galimoto, ndipo zimathandiza kwambiri pofuna kunena za ndege imene yatera kapena kugwa.

Mdani wamkulu ndi nyengo

Maulendo ambiri a ndege zazing'ono amadalira maso a woyendetsa. Iye ayenera kuona phiri, mtsinje, msewu ndi bwalo lomwe akufuna kuterapo. Chigawo chathu chino ndi cha mapiri, ndipo nyengo iliyonse ili ndi msampha wake. M'dzinja mitambo ya mabingu imakwera masana ndipo mphepo ya m'kati mwake ikhoza kuthyola phiko. M'miyezi ya Juni ndi Julayi nkhungu imaphimba zitunda mpaka dzuwa litakwera. Mu Seputembala ndi Okutobala utsi wa moto wolusa m'tchire umachititsa kuti woyendetsa asaone patali.

Ngozi imene Amalawi sadzaiiwala inachitika m'nyengo yotereyi. Pa 10 Juni 2024 ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228 inanyamuka ku Lilongwe kupita ku Mzuzu itanyamula wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko la Malawi, Dr Saulos Chilima. Inalephera kutera ku Mzuzu chifukwa kunali nkhungu, ndipo tsiku lotsatira inapezeka itagwa m'nkhalango ya Chikangawa. Anthu onse asanu ndi anayi anamwalira. Akatswiri a ku Germany amene anafufuza ngoziyo anapeza kuti ndegeyo inapitiriza kuuluka pansi m'nyengo yoipa, ndiponso kuti batire ya kachipangizo kamene kamalira pa wailesi ndege ikagwa inali itatha mphamvu kuyambira m'chaka cha 2004.

Ndege imeneyi inali ya boma, ya injini ziwiri, ndipo inali kuuluka m'dziko lake lomwe. Nanga kuli bwanji munthu amene wachoka ku Johannesburg kapena ku Harare ndi kandege kake, amene mapiri a ku Niassa amangowadziwa pa mapu? Mlendo wotere sadziwa kuti chitunda chakuti chimavala nkhungu nthawi yanji, ndipo mabwalo ambiri a m'tchire alibe munthu wa pa wailesi womuuza mmene kunja kwachera.

Kutentha nakonso ndi vuto. Lichinga ili pamtunda wa mamita oposa 1,300 kuchokera pa nyanja ya mchere. Pamalo okwera chotere mpweya umakhala wopepuka, ndipo dzuwa likaswa mtengo umapepukiratu, kotero kuti injini imachepa mphamvu ndipo mapiko sanyamula msanga. Ndege imene yadzuka bwinobwino m'mamawa ikhoza kulephera masana pa bwalo lomwelo ndi katundu yemweyo. N'chifukwa chake woyendetsa wosamala amayeza pa sikelo thumba lililonse, nthawi zina ngakhale anthu omwe, ndipo akakana kuwonjezera thumba la chimanga si nkhanza ayi.

Mtengo wake

Ndege ngati Cessna 206 kapena 210 imamwa malita oposa 50 pa ola limodzi. Mafuta akenso si petulo wa pa filingi siteshoni. Ndi amtundu wina otchedwa avgas, a maonekedwe obiriwira ngati thambo, odula kuposa petulo, ndipo amagulitsidwa pa mabwalo owerengeka okha. Ndege zina zokulirapo pang'ono zimagwiritsa ntchito mafuta otchedwa Jet A-1, ofanana ndi palafini. Amene akufuna kukatera kutchire ayenera kutsogoza migolo ya mafuta pa lole masiku angapo ulendo usanachitike. Mgolo ukalowa madzi kapena fumbi, injini ikhoza kuzima m'mwamba, ndipo ichi ndi chifukwa chake woyendetsa asananyamuke amakha mafuta pang'ono kunsi kwa phiko m'kabotolo nawayang'anitsitsa.

Pamwamba pa mafuta pali amakaniko. Ndege yonyamula anthu olipira imaunikidwa ikauluka maola 100 aliwonse, ndipo injini imamasulidwa yonse ikafika maola pafupifupi 2,000, ina isanafike n'komwe pamenepo. Ntchitoyi amaloledwa kugwira ndi amakaniko a ziphaso okhaokha, ndipo zitsulo zambiri zimachokera ku America, zolipira ndi madola. Kachitsulo kamodzi kakathyoka ndege ili kutali ndi kwawo, ikhoza kukhala pansi milungu ingapo kudikira kuti makaniko ndi kachitsuloko zifike.

Palinso inshuwalansi, imene mwini ayenera kuonetsetsa kuti ikugwira ntchito m'dziko limene akupitalo, ndalama zoterera pa bwalo, zogonekera ndege, ndi zolipira amene amalondolera ndege pa wailesi. Woyendetsa naye amapimidwa ndi dokotala chaka ndi chaka, ena kawiri pa chaka. Munthu amene wachita hayala ndege amalipiranso ulendo wake wobwerera ngakhale ibwerere yopanda munthu. Zonsezi zikaphatikizidwa, n'zosadabwitsa kuti ngakhale anthu olemera ambiri amasankha galimoto.

Kudula kumeneku kuli ndi choopsa chake. Munthu amene walipira ndalama zambiri safuna kumva kuti ulendo walephereka chifukwa cha mitambo, ndipo ena amaumiriza woyendetsa kuti angoyesa. Akuluakulu anati kuthamanga sikufika.

Malire alipo ngakhale kumwamba

Pa Mandimba ndi pa Chiponde anthu amadziwa kuti kuoloka malire kumafuna pasipoti kapena chikalata. Kumwamba kulibe geti, koma lamulo lilipo. Pangano la maiko limene linasainidwa ku Chicago m'chaka cha 1944 limati dziko lililonse ndi mwini wa mlengalenga wa pamwamba pake. Ndege yakunja yofuna kulowa muno iyenera kuyamba yapeza chilolezo kwa bungwe loyang'anira za ndege la IACM, kupereka ndondomeko ya ulendo wake, ndi kuyamba yatera pa bwalo limene lili ndi a kasitomu ndi oona zolowa ndi kutuluka, isanapite kwina kulikonse. Kuchoka ku Malawi n'kudzatera mwachindunji pa kabwalo ka m'tchire popanda chilolezo ndi mlandu.

Ngakhale mapepala atakhala okwanira, m'dziko muli nkhondo munthu akhoza kukayikiridwa. Pa 4 Novembala 2022 apolisi ku Inhambane anamanga woyendetsa ndege wa ku America wa bungwe la amishoni la Mission Aviation Fellowship, limene muno limagwira ntchito ndi dzina loti Ambassador Aviation, pamodzi ndi amuna awiri a ku South Africa. Iwo anali kukonzekera kukweza mankhwala ndi zinthu zina zopita ku nyumba za ana amasiye ku Cabo Delgado, kumene zigawenga zinayamba kuukira m'chaka cha 2017. Anawaganizira kuti katunduyo anali wothandiza zigawengazo. Bungwelo linakana mlanduwo, koma atatuwo anakhala m'ndende miyezi inayi mpaka pamene anatulutsidwa mu Malichi 2023.

Zimene anthu a m'midzi angachite

Nkhaniyi si ya anthu olemera okha, pakuti ndege zimenezi zimadutsa pamwamba pa minda ndi nyumba za anthu wamba. Kumene kuli kabwalo ka udzu, mbuzi, ng'ombe ndi ana zisamapezeke pamenepo ndege ikamazungulira, ndipo njira ya njinga isadutse pakati pa bwalo. Chitsulo chozungulira cha kutsogolo chija, chimene amati propela, chikamathamanga sichioneka ndipo chimapha nthawi yomweyo. Munthu asayandikire mpaka injini itazima ndipo woyendetsa wakodola.

Wina akaona ndege ikuuluka pansi modabwitsa, ikutulutsa utsi kapena injini ikudukizadukiza, asunge nthawi yake ndi mbali imene yalowera, nauze amfumu, apolisi kapena a ku Posto mwamsanga. Ndege ya a Chilima inafunidwa tsiku lathunthu isanapezeke, ndipo pa ntchito yotere mawu a munthu amene anaimva ikudutsa ndi amtengo wapatali.

Ndege ikagwa pafupi, choyamba ndi moyo wa anthu. Ngati pali moto kapena fungo la mafuta, ovulala achotsedwe napititsidwe kutali, kumbali imene mphepo ikuchokera. Ngati palibe choopsa chotere, munthu amene akudandaula khosi kapena msana asamunyamule mwachisawawa. Fodya, machesi ndi nyali za moto zisafike pafupi. Kutunga mafuta otayika n'kuitana imfa: avgas amayaka msanga ndipo ali ndi mtovu umene ndi poizoni. Anthu a ku Tete sanaiwale za pa Caphiridzange, pamene mu Novembala 2016 thanki ya mafuta inaphulika nipha anthu oposa 70 amene anasonkhana kudzatunga petulo.

Zidutswa za ndege nazonso zisiyidwe pamene zagwera. Kachitsulo kamene wina angatole kuti akapangire mpeni kapena chidebe kakhoza kukhala komwe kakanauza ofufuza chimene chinalakwika, kuti ngozi yotere isadzaonekenso. Chimodzimodzi, ndege yosadziwika ikatera patchire anthu ake n'kupempha anyamata kuti awasenzere katundu mobisa, ndi bwino kukana ndi kudziwitsa amfumu, chifukwa wosenza katundu wosaloledwa amamangidwa pamodzi ndi mwini wake.

Mafumu a ku Itepela, Massangulo, Mitande ndi midzi ya m'malire angachite bwino kukamba zimenezi pa misonkhano yawo dzinja lisanafike, ndi kuonetsetsa kuti m'mudzi uliwonse muli munthu amene ali ndi nambala ya foni ya apolisi ndi ya kuchipatala. Mayi wa ku Netherlands uja ali moyo chifukwa asodzi a ku Nkhotakota sanaime n'kumaonerera, ndipo anadziwa chochita nthawi isanathe.